Chikwanje m'chikwama sichingakutetezeni pa mademo

Chichitikireni zija za pa 26 Juni 2025 ku Lilongwe, pamene anthu onyamula zikwanje anamenya Sylvester Namiwa, mmodzi wa otsogolera zionetsero za tsikulo, apolisi ndi asilikali ali chilili pomwepo, funso limene anyamata amafunsa pa misonkhano yokonzekera zionetsero kuno ku Mzuzu ndi limodzi: "Akuluakulu, ife tizingopita chimanjamanja kuti akatiteme ngati nthochi? Bwanji nafenso tinyamuleko kenakake?" Funsoli si lopusa. Wofunsayo anaona zikwanje zikugwira ntchito dzuwa likuswa mtengo, anaonanso oyenera kumuteteza akungoyang'ana. Ndakhala m'gulu la mamashalo, ife ovala malifulekita ndi kuliza wezulo m'mbali mwa chigulu, kuyambira 2019, ndipo yankho langa ndi lakuti musanyamule. Sindikunena izi chifukwa chofuna kuti tizioneka ofatsa. Ndikunena chifukwa chida chimene munthu wabisa m'chikwama chimavulaza iye mwini ndi oyandikana naye chisanamukhudze n'komwe amene iye akumuopayo.

Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero pamodzi ndi anzake mwamtendere komanso wopanda zida. Ufulu wonsewo waima pa mawu akuti wopanda zida. Mukangoika mpeni m'sokosi, mwatuluka nokha m'chitetezo cha gawo limeneli. Lamulo la apolisi la 2010 limachita kunena mosabisa kuti kupezeka ndi chida pa zionetsero ndi mlandu, ndipo wapolisi atha kukumangani pompo popanda chikalata cha khoti. Musaganize za mfuti yokha. Chikwanje, chibonga, legeni, kankhwangwa, botolo la petulo, miyala ya m'thumba, zonsezi pamaso pa woweruza ndi zida. Ngakhale amene ali ndi laisensi ya mfuti, laisensiyo simupatsa chilolezo chobwera nayo pa Katoto, pamene timasonkhana tisananyamuke, tsiku la mademo.

Ena amati, "Nanga si lamulo limalola kudziteteza?" Limaloladi, koma limalola munthu amene waukiridwa nthawi yomweyo, amene wagwiritsa ntchito mphamvu yolingana ndi chiopsezocho, n'kusiya pamene chiopsezo chatha. Munthu amene ananola chikwanje dzulo usiku ku Chiputula n'kuyenda nacho mpaka m'tauni amavutika kwambiri kutsimikizira khoti kuti sanapite kukachita ndewu. Choipa china n'chakuti mlandu sumathera pa iye yekha. Anthu akagwirizana kuchita chinthu choswa lamulo, wina mwa iwo n'kupha munthu, onsewo atha kuyankha mlandu wakupha ngakhale amene anatema ndi mmodzi. Okonza zionetsero nawonso lamulo limawasenzetsa udindo wa katundu amene waonongeka. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu: mnyamata mmodzi waponya botolo la petulo, amene akukokedwa ku khoti kwa zaka ndi aja anasaina kalata yodziwitsa boma za zionetserozo.

Tisiye za khoti, tione zimene zimachitika mumsewu weniweni, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza. Mukakhala pakati pa chigulu chimene chikuchoka pa Katoto kulowera ku Clock Tower, amene ali kumanja kwanu, kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, onsewo ndi anzanu. Phewa lagundana ndi phewa. Chikwanje kuti muchizunguze chimafuna malo pafupifupi mita imodzi mbali zonse. Malo amenewo mulibe, ndipo woyamba kutemedwa ndi mayi amene akuyenda pambali panu. Legeni n'chimodzimodzi: mwala ukalephera kufika kumene mwalozetsa umagwera pamutu pa anthu a kutsogolo kwa gulu lanu lomwe. Mabala ambiri a m'mutu amene ndamangapo pa zionetsero anali a miyala yochokera kumbuyo, kwa anzathu omwe.

Komanso anyamata a zikwanje sabwera ngati timu ya mpira yoti mufole nayo maso ndi maso. Amabwera pagalimoto, kawirikawiri yopanda nambala, amatsika khumi kapena kuposerapo nthawi imodzi, alunjika munthu amene amufuna, ndipo pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu achoka. Amakonda nthawi imene anthu akadali ochepa pa malo okumanirana, kapena pobalalika. Munthu wa mpeni umodzi amene wadzidzimutsidwa ndi anthu khumi sapulumuka chifukwa cha mpeniwo. Mpeniwo umangomuchititsa kuima pamene anayenera kuthawa.

Chifukwa chachikulu, chimene ndimafuna aliyense achigwire, ndi ichi. Gulu lonse likakhala manja ali poyera, aliyense wonyamula chida amadziwika msanga kuti si wathu. Mashalo amamuona, mtolankhani amamujambula, msilikali amamuona. Koma anthu athu 20 akakhala ndi zikwanje "zodzitetezera", wolowerera wa 21 sangadziwikenso. Iye akatema munthu kapena akaswa galasi la shopu, mlandu ndi wa tonse, ndipo wapolisi amene amafuna chifukwa chowombera wachipeza. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Amene amatuma anyamata aja amalakalaka chithunzi chimodzi chokha cha wochita zionetsero atanyamula chikwanje, chifukwa chithunzi chimenecho chimafafaniza zonse zimene zalembedwa m'chikalata cha madandaulo.

Ife a ku Mzuzu sitifunika kuphunzitsidwa ndi anthu akutali za mtengo wa zimenezi. Manda a anzathu ophedwa pa zionetsero alipo ku Zolozolo. Pa 20 Julayi 2011, nthawi ya Bingu wa Mutharika, anthu anatuluka atavala zofiira chifukwa cha kusowa kwa mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kuponderezedwa. Dzulo lake anyamata a chipani cholamula anali atazungulira mu Blantyre pagalimoto akuonetsa zikwanje. Chiletso cha khoti chimene chinatengedwa usiku chinasokoneza dongosolo, anthu anabalalika opanda owatsogolera, kuswa mashopu kunayamba, apolisi anawombera zipolopolo zenizeni. Anthu 20 anafa m'dziko muno, ndipo Mzuzu ndi umene unataya ambiri. Kafukufuku amene anachitika pambuyo pake anadzudzula apolisi kuti anagwiritsa ntchito mphamvu yopitirira muyeso, ndipo mlandu wa imfazo ndi wawo. Koma dzifunseni: chikwanje chikanamuthandiza chiyani munthu pamaso pa mfuti tsiku limenelo? Chimene chinasoweka chinali dongosolo logwira anthu pamodzi, osati zida.

Mu Okutobala 2019 ku Msundwe, wapolisi Usumani Imedi anaphedwa ndi miyala. Amene analipira kwambiri si oponya miyalawo. Anali amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu amene apolisi anawagwiririra, mpaka khoti lalikulu mu 2020 linalamula kuti amayi 18 apepesedwe. Kubwezera kwa onyamula mfuti kumagwera amene sangathe kuthawa. Ndipo zionetsero za mu 2019, zimene mgwirizano wa omenyera ufulu wa anthu wa HRDC unkatsogolera zisankho za pa 21 Meyi zitasokonekera, zinapitirira miyezi yambiri makamaka chifukwa asilikali a MDF ankatha kuyenda m'mbali mwa anthu. Msilikali angaperekeze gulu la manja opanda kanthu. Gulu la zida sangaliperekeze, ntchito yake pamenepo imasanduka yolilanda zidazo. Akuluakulu a ku kambi ya asilikali ya Moyale akukumbuka Disembala 1993, pamene apayoniya anapha asilikali kuno ku Mzuzu, zimene zinayambitsa Operation Bwezani, ntchito ya asilikali yolanda zida apayoniyawo. Gulu la ndale lokhala ndi zida zakezake dziko lino linaliyesapo kale, ndipo tikudziwa mmene linathera.

Nanga munthu adziteteze ndi chiyani? Chitetezo chimayamba masiku angapo tsikulo lisanafike, pa pepala. Wokonza amapereka chidziwitso cholemba kwa DC, kuno timakasiya ku khonsolo ya mzinda, kope lina kwa mkulu wa polisi, kutatsala maola osachepera 48 koma osapitirira masiku 14. Chimenechi ndi chidziwitso, si kupempha chilolezo. Muonetsetse kuti kope lanu ladindidwa ndi tsiku lomwe, mulijambulitse makope atatu, asunge anthu atatu osiyana. Pa msonkhano wokonzekera ndi apolisi, mfundo izi zilembedwe, zisangonenedwa pakamwa: njira, nthawi yoyamba ndi yomaliza, amene adzalandire chikalata, ndi nambala ya foni ya wapolisi amene adzatsogolere tsikulo. Lamulo limaletsa kusonkhana pa mtunda wa mamita 100 kuchokera ku khoti popanda chilolezo chapadera, choncho gulu likamadutsa pafupi ndi High Court lisaime. Muitanenso atolankhani, a mipingo, ndi a Malawi Human Rights Commission. Maso a anthu amenewa amabweza chikwanje kuposa chikwanje chinzake.

Mamashalo afike ola lathunthu anthu asanayambe kubwera, ndipo afike pamodzi, osati mmodzimmodzi. Atsogoleri asakhale oyamba kufika pa bwalo lopanda anthu. Afike gulu litakula. Ife timayesetsa kuti mashalo mmodzi aziyang'anira anthu 20 mpaka 30, aziyenda awiriawiri, ndipo pakhale magulu anayi: kutsogolo, mbali ziwiri, ndi kumbuyo. Kumbuyo n'kumene kumafuna anthu okhwima kwambiri, chifukwa ndi kumene olowerera ndi ofuna kuba amaphatikira. Anthu awiri pa njinga yamoto aziyenda mamita 300 kutsogolo kuona ngati pa raundabauti kapena m'tinjira tolowera kumsika mwaima galimoto yachilendo. Zizindikiro za wezulo zikhale zitatu basi, ndipo zilengezedwe pa chimkuzamawu musananyamuke: kuliza kamodzi kotalika, imani, kawiri, khalani pansi, katatu, tulukani mumsewu kutsata mashalo wanu. Mukachulutsa zizindikiro palibe amene adzazikumbukire utsi ukayamba.

Pa bwalo timapempha kuona m'zikwama. Mashalo alibe mphamvu yosecha munthu mokakamiza, ndiye timapempha mwaulemu, amayi kuona zikwama za amayi anzawo. Wopezeka ndi chida sitimumenya, sitimuchititsa manyazi pagulu. Awiri amamutengera pambali n'kumuuza kuti, "Achimwene, ichi kasiyeni kunyumba, mukabwera mutipeza." Akakana, sayenda nafe, ndipo wapolisi wotsogolera amauzidwa. Zikwangwani zikhale za katoni kapena nsalu zogwira ndi manja. Mitengo yokhomerapo zikwangwani imasanduka zibonga zinthu zikavuta, ndipo pa chithunzi imaoneka ngati zibonga ngakhale zisanavute. Mowa ayi. Woledzera sathawa bwino, samva wezulo, ndipo magazi ake savuta kutuluka.

Inu woyenda nawo, valani nsapato zotseka zomanga zingwe, osati patapata. Juni ndi Julayi kuno kumazizira, ndiye juzi ya manja aatali imathandiza pawiri, ku mphepo ndi ku utsi. Nyamulani botolo la pulasitiki la madzi a lita imodzi kapena awiri, chitenje choyera, chiphaso cha unzika, ndalama yokwanira sakaramento (kabaza wa njinga) kapena takisi yobwerera, ndi foni yodzaza moto yokhala ndi mayunitsi. Nambala ya m'bale wanu ndi ya loya wa okonza muzilembe ndi bolopeni pamkono, chifukwa foni imatayika kapena kulandidwa. Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a shuga, a BP kapena a khunyu, tengani okwanira masiku atatu pamodzi ndi buku la kuchipatala. Mukamangidwa Lachisanu mutha kuona khoti Lolemba. Wa mphumu asaiwale kopopera kake, ndipo kunena zoona ndi bwino ayende m'mphepete. Ana asiyeni kunyumba, ngakhale wa kumsana. Muyende ndi mnzanu mmodzi amene mwapangana kuti simusiyana, ndipo mupanganiretu pokumana mukabalalika, malo a kunja kwa tauni.

Musadzole Vaseline kapena mafuta alionse kumaso tsiku limenelo. Utsi wokhetsa misozi kwenikweni si utsi, ndi ufa wosalala kwambiri umene umamatirira pa mafuta n'kumapitiriza kuwotcha khungu. Kupaka mankhwala otsukira mano pansi pa maso, kumene ambiri amachita, sikuchotsa ufawo. Chimene chimathandiza ndi mphepo ndi madzi. Onani kumene utsi ukulowera, inu mudutse chopingasa kenako mulowere kumene mphepo ikuchokera, ndipo ngati pali pokwera kwerani, chifukwa umakonda kutsikira m'malo otsika. Yendani mofulumira koma musathamange mwachisawawa. Wothamanga amapuma mozama n'kumeza wambiri, ndiponso ndi amene amagwetsa anzake. Musatikite maso. Pendeketsani mutu, thirani madzi kuchokera kumbali ya mphuno kuti atsikire kunja, mukuphethira, kwa mphindi 10 mpaka 15 ngati madzi alipo. Minani, lavulani, musameze. Kwa munthu wabwinobwino ululu umachepa pakatha mphindi 15 mpaka 30 ali pa mpweya wabwino. Amene akupumabe movutikira nthawi imeneyi itadutsa apite kuchipatala. Kachitini kamene kagwa pansi musakatole, kamatentha moti kamasupula chikhatho, ndipo kukaponyanso kwa apolisi ndi mlandu. Pofika kunyumba vulani zovala panja, zichapidwe pazokha, musambe madzi ozizira kaye.

Anyamata a zikwanje akatulukira, ntchito si kulimbana nawo. Ntchito ndi kuika mtunda pakati pa iwo ndi anthu, ndi kuchotsa amene akumufuna. Wezulo ilire katatu, gulu lisunthe limodzi kulowera kumene kuli asilikali, atolankhani kapena anthu ambiri, osati m'tinjira ta kuseri kwa mashopu kumene munthu amatsala yekha. Mtsogoleri aliyense akhale ndi anthu anayi omuzungulira amene ntchito yawo ndi imodzi, kumulowetsa m'galimoto imene yaimikidwa moyang'ana kotulukira, dalaivala ali momwemo. Anthu awiri kapena atatu osankhidwiratu ajambule ali patali: nkhope, galimoto, nthawi, ndi apolisi amene analipo. Kanemayo atumizidwe nthawi yomweyo kwa munthu amene ali kunyumba. Mukapanikizidwa poti simungathawe, chikwama chanu chikhale pakati pa inu ndi chikwanjecho, tetezani khosi ndi mutu, ndipo mpata ukangopezeka thawani. Wolowerera akagwidwa ndi gulu, mamashalo amuzungulire n'kumupereka kwa asilikali kapena apolisi anthu akuona. Ndikudziwa kuti mtima umawawa pamenepo. Koma akafera m'manja mwa gulu, umboni wa amene anamutuma wafera pomwepo, ndipo mlandu wakupha watsala ndi inu.

Bala la chikwanje limapha ndi kutaya magazi, ndipo mphindi zoyambirira ndi zimene zimaweruza. Pindani chitenje, chiikeni pabalapo, kanikizani ndi mphamvu ya thupi lanu lonse kwa mphindi 10 osatukula kuti muone. Chikanyowa musachichotse, sanjikizani china pamwamba. Ngati ndi mkono kapena mwendo ndipo magazi akuthovoka osaleka, pindani nsalu ikhale yotambalala ngati zala zitatu, imangeni masentimita 5 mpaka 7 kumtunda kwa bala, osati pa bondo kapena pa chigongono, lowetsani kamtengo m'mfundo n'kupotokola mpaka magazi ataima. Zimapweteka kwambiri, wovulalayo adzakuwa, koma musamasule. Lembani nthawi pamkono pake kuti adokotala adziwe. Waya kapena chingwe cha nsapato musagwiritse ntchito, zimadula mnofu osaimitsa magazi. Musathire dothi, fodya kapena mafuta a galimoto pabala. Chinthu chimene chalowa m'thupi n'kutsalira momwemo musachizule, ikani nsalu mozungulira. Wokomoka amene akupuma mugonekeni chammbali, musamumwetse madzi. Okonza adziwiretu chipatala chapafupi pa chigawo chilichonse cha njira, St John's, Mapale kapena Central ku Luwinga, ndipo galimoto imodzi isakhale ndi ntchito ina koma imeneyi. Pitani kuchipatala kaye, za lipoti la polisi zibwere pambuyo, koma musalephere kulitenga chifukwa ndi umboni wanu.

Mfuti ikalira, gonani pansi pomwepo, kenako kwawani kulowera kuseri kwa khoma la njerwa kapena m'ngalande. Mpanda wa malata, chitseko cha galimoto ndi benchi ya pamsika zimakubisani koma chipolopolo chimadutsa. Musaimirire kuti mujambule. Chigulu chikapanikizana, ikani mikono pachifuwa ngati wankhonya kuti mupeze popumira, musalimbane ndi kumene anthu akulowera, muzisunthira m'mbali pang'onopang'ono. Mukagwa, dzipindeni chammbali mutagwira mutu, ndipo chimene chagwa pansi, kaya foni kaya nsapato, chisiyeni.

Akakugwirani apolisi musalimbane nawo, ngakhale mukudziwa kuti simunalakwe. Tchulani dzina lanu mokweza kuti mnzanu kapena mashalo alembe. Gawo 42 la malamulo aakulu limakupatsani ufulu wouzidwa chifukwa chimene akumangirani, wokhala chete, woonana ndi loya, ndi wofikitsidwa ku khoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito. Musasaine pepala limene simunaliwerenge kapena kulimvetsa. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Amene alibe ndalama ya loya, ofesi ya Legal Aid Bureau ilipo mu Mzuzu momwemuno, ndipo madandaulo okhudza khalidwe la apolisi amapita ku Independent Complaints Commission. Apa ndi pamene manja opanda kanthu amalipira: loya amamutulutsa msanga munthu amene m'thumba mwake munapezeka botolo la madzi ndi chitenje, koma wa mpeni amayamba wagona ku ndende akudikira.

Nthawi yoopsa kwambiri kuno si poyenda, ndi chikalata chikangoperekedwa ku Civic Offices, maofesi a khonsolo ya mzinda. Atsogoleri akwera galimoto, chimkuzamawu chazimitsidwa, mamashalo atopa, ndipo anthu masauzande akubwerera kudutsa pakati pa mashopu ndi msika opanda wowauza chochita. Kuswa ndi kuba kumayamba pamenepo, utsi ndi zipolopolo n'kutsatira. Choncho mamashalo asavule malifulekita mpaka msewu utayera. Wolengeza atchule madera limodzilimodzi, a ku Chibavi ndi Chiputula njira yawo, a ku Luwinga yawo, a ku Masasa, a ku Zolozolo ndi Mchengautuwa chimodzimodzi, gulu lililonse ndi mamashalo ake, motalikirana mphindi zisanu. Zonse zithe dzuwa likadali pamutu, isanakwane 2 koloko. Mukachoka pagulu vulani malaya a zionetsero muike m'chikwama, musaime pa shopu imene yaswedwa ngakhale kungoonerera, ndipo chinthu chimene mwachipeza pamsewu musatole. Mukafika pakhomo imbirani mnzanu uja. Mashalo wa dera lililonse awerenge anthu ake, ndipo dzina limene silinapezeke pofika 6 koloko madzulo liperekedwe kwa loya kuti ayambe kufunsa ku polisi ndi m'zipatala usiku womwewo.